Brazil idayamba ndi sukulu, ndege zidabwera pambuyo

Amene mudakwerapo ndege ya Kenya Airways kuchoka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Nairobi, mwina mudakhala m'ndege yopangidwa ku Brazil osadziwa. Ine ndidadziwira pa kakhadi kamene amaika m'thumba la mpando wakutsogolo, kaja kosonyeza makomo otulukira pakagwa ngozi. Pamwamba pake padalembedwa kuti Embraer 190. Mipando ndi iwiri uku, iwiri uku, palibe wopanikizika pakati. Ambiri timadziwa Boeing ya ku America ndi Airbus ya ku Ulaya. Pa makampani opanga ndege zonyamula anthu, Embraer ndiyo imabwera pachitatu, ndipo kwawo kwake ndi mzinda wa São José dos Campos, m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku São Paulo kupita ku Rio de Janeiro. Dziko limene ambiri timalitchula tikamakamba za mpira, khofi ndi shuga limagulitsa ndege ku America komweko.

Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi ndi ndondomeko imene anthu a ku Brazil adatsata pogwiritsa ntchito ndalama zochepa zimene adali nazo: chimene adayamba kulipirira, chimene adachisiya kaye, ndi chimene adakana kupanga ngakhale mtima unkafuna.

Poyamba adalakalaka fakitale, monga maiko ambiri amachitira. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 kudali mafakitale angapo a ndege. Ku Galeão, ku Rio, ankalumikiza ndege za Focke-Wulf za ku Germany. Kampani ya a Henrique Lage inkapanga ndege zophunzirira. Ku São Paulo kudali kandege kotchuka kotchedwa Paulistinha. Mtima wofuna kuuluka sunkasowa, poti a Alberto Santos-Dumont, amene adaulutsa ndege yawo ya 14-bis ku Paris mu 1906, ndi ngwazi ya dziko lonse. Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, America idatsala ndi ndege zankhaninkhani zosowa ntchito ndipo idayamba kuzigulitsa pa mtengo wozizira. Mafakitale a ku Brazil adafota imodzi imodzi. Ankadziwa kulumikiza zimene ena adajambula, koma m'dzikomo mudalibe gulu la anthu otha kukhala pansi, kuwerengera, ndi kujambula ndege yatsopano yoyenera zosowa zawo.

Munthu amene adaona vutoli bwino ndi a Casimiro Montenegro Filho, msilikali woyendetsa ndege wochokera ku Ceará, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo. Pa 12 Juni 1931 iwo ndi anzawo a Nelson Lavenère-Wanderley adayendetsa ulendo woyamba wa ndege ya asilikali yonyamula makalata, kuchoka ku Rio kupita ku São Paulo. Mphepo idawachedwetsa, adafika kutada, bwalo la ndege osalipeza. Adatera pa bwalo la mpikisano wa akavalo, n'kukwera takisi kupita ku positi ofesi. M'thumba mudali makalata awiri okha. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa imaonetsa munthu amene ankalidziwa dziko lake ali m'mwamba komanso ali pansi: dziko lalikulu kwambiri, misewu yochepa, mabwalo a fumbi, matauni otalikirana masiku ambiri pa galimoto.

Unduna woona za ndege udakhazikitsidwa mu 1941. Patapita zaka zochepa a Montenegro adapita ku America, komwe adakacheza ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ndipo adadziwana ndi a Richard Harbert Smith, mphunzitsi wa uinjiniya wa ndege kumeneko. A Smith adabwera ku Brazil mu 1945 n'kulemba pulani. Mfundo yake idali yovuta kuimeza pa nthawiyo. Idati dziko lisathamangire ndege zotsala ku nkhondo ngakhale zitatsika mtengo chotani, chifukwa zidzalimangirira ku zipangizo ndi nzeru za eni ake. Idati limange kaye sukulu ya mainjiniya, pambali pake pakhale malo ochitira kafukufuku, ndipo mafakitale adzabwera anthu akadzakhalapo. Mlimi wa fodya amaidziwa ndondomeko imeneyi: amayamba ndi nazale, amathirira mbande kwa milungu pamene kumunda kulibe chooneka, ndipo amawokera mvula ikagwa.

Sukuluyo ndi ITA, imene idatsegulidwa mu 1950 mkati mwa likulu la kafukufuku lotchedwa CTA. Malo adasankha São José dos Campos, tauni imene pa nthawiyo inkadziwika ndi zipatala za odwala chifuwa chachikulu. Nyumba zoyamba adajambula ndi a Oscar Niemeyer, amene pambuyo pake adajambula nyumba zikuluzikulu za ku Brasília, likulu la dzikolo. A Smith adakhala mkulu woyamba wa sukuluyo, ndipo aphunzitsi adachokera m'maiko osiyanasiyana.

Kayendetsedwe ka sukuluyi n'koyenera kukaonetsetsa, chifukwa m'pamene padagona nkhani. Ngakhale idali pansi pa unduna wa asilikali, inkalandira ana wamba, ndipo ambiri mwa ophunzira adali anthu wamba. Kulowa kudali kudzera m'mayeso ovuta kwambiri, ndipo mpaka lero mayeso a ITA amaopedwa m'dziko lonse. Wopambana sankalipira fizi, ankagona ndi kudya pasukulu pomwepo. Aphunzitsi ankagwira ntchito tsiku lonse ndipo ankakhala pamalopo, pamene m'masukulu ena a ukachenjede a nthawiyo mphunzitsi ankangobwera kudzapereka phunziro n'kuthamangira ku ofesi yake ya m'tauni. Padalinso mwambo woti wophunzira azidzilamulira yekha, moti mayeso amatha kulembedwa popanda woyang'anira, ndipo wobera amaweruzidwa ndi anzake. Mwana wa m'banja losauka wanzeru za masamu ankatha kufika pamenepo. Pulani ya dziko imene imatchula ndege ndi masetilaiti koma osanena kumene mwana wotereyu adzagone ndi chimene adzadye kwa zaka zisanu, ine sindiikhulupirira.

Kenaka padadza zaka za kudikira, ndipo izi ndi zimene andale ambiri sangazipirire. Mainjiniya ankatuluka chaka ndi chaka, fakitale ya ndege yowalemba ntchito kulibe. Ambiri adapita ku mafakitale a magalimoto, ku zamagetsi, ku zamatelefoni. Wina akadatha kuimirira m'nyumba ya malamulo n'kufunsa kuti ndalama zonsezi zikupita kuti, ndipo yankho lachidule padalibe. Ku CTA adaitana a Henrich Focke a ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti apange ndege yonyamuka choimirira ngati helikopita. Sidauluke. Adapanga helikopita yaing'ono yotchedwa Beija-Flor, imene idauluka koma sidafike pa msika. Powerengera ndalama, ntchito ziwirizi zidalephera. Koma m'gulu limene lidagwira ntchitozo mudali a Joseph Kovacs ochokera ku Hungary, amene patapita zaka zoposa 20 adajambula Tucano, ndege yophunzitsira asilikali imene gulu la nkhondo la ndege la Britain lidaisankha mu 1985. Anthuwo adasungidwa pamodzi, ndipo manja awo adazolowera ntchito.

M'zaka zimenezi mpando wa pulezidenti udasintha manja kangapo. A Getúlio Vargas adachotsedwa mu 1945, adabwereranso mu 1951, adadzipha mu 1954. Kudabwera a Kubitschek, a Quadros, a Goulart, kenaka asilikali adalanda boma mu 1964. Sukulu ija sidatsekedwe. Pali ena amene amati ntchito yotere imatheka pokhapokha pali ulamuliro wankhanza wosafunsa munthu. Ine ndimakana. Maziko adamangidwa ndi kusamalidwa pansi pa maboma osankhidwa ndi anthu, ndipo asilikali atalowa, ophunzira ndi aphunzitsi ena a ITA adachotsedwa chifukwa cha maganizo awo a ndale. Ulamulirowo udakolola zimene udapeza zitakula kale, ndipo pokolola udathyolanso zina.

Mmodzi mwa otuluka ku ITA mu 1962 adali a Ozires Silva, msilikali woyendetsa ndege amene adaulukapo kwambiri m'chigawo cha Amazon. Adaona kuti makampani a ndege akamagula ndege zikuluzikulu, matauni ang'onoang'ono ankatsala opanda ndege, poti mabwalo awo adali aafupi ndi a dothi ndipo okwera adali ochepa. Chiwerengero cha matauni ofikako ndege chinkatsika chaka ndi chaka. Mu 1965 gulu lawo ku CTA, mothandizana ndi katswiri wa ku France a Max Holste, lidayamba kujambula ndege ya injini ziwiri, yolimba, yosavuta kukonza, yotha kutera pa bwalo la fumbi. Ndege yoyeserera idauluka mu Okutobala 1968. Dzina lake ndi Bandeirante.

Amalonda a ku Brazil sadafune kuika ndalama zawo pa fakitale yoipanga. Choncho pa 19 Ogasiti 1969 boma lidakhazikitsa Embraer, a Silva n'kukhala mtsogoleri wake. Kuchokera pa pulani ya a Smith kudzafika apa padadutsa zaka 24.

Mmene boma lidapezera ndalama za kampaniyi ndi phunziro palokha. Lidasunga 51 peresenti ya masheya okhala ndi voti. Kenaka lidalola kampani iliyonse ya m'dzikomo kupatula 1 peresenti ya msonkho umene imayenera kupereka ku boma n'kugulira masheya a Embraer. Ndalamayo inkayenera kuchoka m'thumba mwawo ndithu, ndiye ambiri adasankha masheya, ndipo makampani zikwizikwi adakhala eni ake pang'onopang'ono. Gulu la nkhondo la ndege lidaitanitsa ma Bandeirante 80 ndi ndege za nkhondo 112 zotchedwa Xavante, zopangidwa ndi chilolezo cha kampani ya Aermacchi ya ku Italy. Mgwirizano wa Xavante udabweretsa akatswiri a ku Italy kudzaphunzitsa chinthu chimene sukulu sikadaphunzitsa, ndicho kupanga ndege zambiri zofanana ndendende, imodzi pambuyo pa inzake, pa nthawi yake. Pakati pa zaka za m'ma 1970 adagwirizana ndi Piper ya ku America kuti ndege zazing'ono zizipangidwira ku Brazil, ndipo boma lidakweza msonkho wa ndege zotere zochokera kunja kufika pa 50 peresenti. Cessna, imene inkalamulira msikawo, idangoti kakasi.

Chimene adakana kuchita n'chimene ndimachilemekeza kwambiri. Sadayese kupanga injini. Bandeirante idauluka ndi injini za PT6 za kampani ya Pratt & Whitney ya ku Canada. Zipangizo zambiri za m'chipinda cha oyendetsa adagula kunja. Iwo adagwiritsitsa kujambula ndege, kupanga thupi lake, kulumikiza zonse, kuiyesa, kuipezera chiphaso ndi kuigulitsa. Alipo amene ankanyoza kuti ndege ya Brazil yanji imene mtima wake ndi wa ku Canada. Koma injini yatsopano imadya ndalama ndi zaka zofanana ndi ndege yonse, ndipo wogula wa ku Texas kapena ku Wales amafuna injini imene makaniko wake amaidziwa kale ndipo zipangizo zake zimapezeka pafupi. Mu 1978 America idamasula malamulo a maulendo a ndege, makampani ang'onoang'ono adachuluka, ndipo onse ankafuna ndege ya mipando yosafika 20 yotchipa kuyendetsa. Bandeirante idali itakonzeka. Zonse pamodzi zidapangidwa pafupifupi 500. Pambuyo pake padabwera ndege yotchedwa Brasília, ya mipando 30, imene idauluka koyamba mu 1983.

Sikuti zonse zidayenda myaa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chuma cha Brazil chidasokonekera, mitengo ya zinthu inkakwera kupitirira 1,000 peresenti pa chaka, ndipo boma lidalibenso ndalama zoitanitsira ndege. Pa nthawi yomweyo Embraer idalowa m'ntchito ya CBA-123 pamodzi ndi Argentina, ndege ya mipando 19 yokhala ndi injini kumbuyo, yodzaza ndi luso lamakono. Idauluka mu 1990. Mainjiniya adaikonda, koma mtengo wake palibe kampani ya ndege imene ikadaukwanitsa pa ndege yaing'ono choncho, ndipo palibe imodzi idagulitsidwa. Apa adaiwala funso limene lidabala Bandeirante, loti adzagule ndani ndipo adzaigwiritsa ntchito yanji. Antchito, amene adali oposa 12,000, adachotsedwa zikwizikwi mpaka otsala sadafike theka. M'tauni imene mabanja ambiri ankadya kuchokera pa fakitale imodzi, amenewo adali masiku a misozi.

Pa 7 Disembala 1994 boma lidagulitsa kampaniyo. Nthawi zambiri ndikamva za kugulitsa makampani a boma mtima umandiwawa, chifukwa kawirikawiri mapeto ake amakhala zipata zokhoma ndi makina ogulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Ku Brazil boma lidatuluka pa khomo koma silidapite kutali. Lidasenza gawo lalikulu la ngongole, lidasunga sheya imodzi yapadera yolipatsa mphamvu yokana kusintha kwa umwini wa kampani kapena kwa ntchito zake za nkhondo, ndipo banki ya boma ya chitukuko, BNDES, idapitiriza kukongoza ogula ndege akunja. Eni atsopano adapeza ndege ya ERJ-145 ya mipando 50 itajambulidwa kale, ndipo idauluka mu Ogasiti 1995. Posowa ndalama, Embraer idali itagawana kale ntchito ndi makampani a ku Spain, Belgium, Chile ndi America, amene adaika ndalama zawo kuti adzapindule ndege ikadzagulitsidwa. Idagulitsidwa kwambiri moti Canada, poteteza kampani yake ya Bombardier, idakasuma ku bungwe loona za malonda a dziko lonse la WTO. Brazil nayo idasumira Canada. Bungwelo lidapeza kuti onse awiri ankathandiza makampani awo mophwanya malamulo. Palibe dziko lopanga ndege limene boma lake limangoonerera. Lero Bombardier idasiya kupanga ndege za makampani onyamula anthu, pamene Embraer ikadalipo, ndipo mgwirizano woti Boeing igule 80 peresenti ya gawo lake la ndege zonyamula anthu udatha mu Epulo 2020 usadakwaniritsidwe.

Mu mzinda womwewo muli nkhani ina imene imandisautsa, ndipo sindingaisiye. Ku São José dos Campos kulinso INPE, bungwe la kafukufuku wa zam'mlengalenga, limene chiyambi chake ndi cha mu 1961. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma lidavomereza pulani ya zinthu zitatu: setilaiti yopangidwa ku Brazil, roketi ya ku Brazil yoinyamula, ndi malo oulutsira a ku Brazil. Setilaiti adapatsa INPE, roketi ndi malo adapatsa asilikali. Malo adasankha Alcântara, m'chigawo cha Maranhão, pafupi kwambiri ndi mzere wa ikweta, kumene kuzungulira kwa dziko kumathandiza roketi kunyamula katundu wochuluka ndi mafuta ochepa. Pomanga malowa m'zaka za m'ma 1980, mabanja oposa 300 a zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa adasamutsidwa m'midzi yawo ya m'mphepete mwa nyanja n'kuikidwa kumtunda, kutali ndi nsomba zimene ankadalira. Boma lidapepesa pamaso pa khoti la ufulu wa anthu la maiko a America mu 2023. Pa mapepala a pulani, mtengo umenewu sudawerengedwe.

Setilaiti yoyamba, SCD-1, idapita m'mlengalenga mu Febuluwale 1993, koma pa roketi ya ku America, chifukwa yawo idali isadathe. Roketi yawo, VLS, idalephera mu 1997, idalepheranso mu 1999. Pa 22 Ogasiti 2003, kutatsala masiku atatu kuti ayese kachitatu, injini imodzi idayaka yokha roketi ili pa nsanja, anthu ali mkati mogwira ntchito. Anthu 21 adafa, mainjiniya ndi amisiri, ambiri a iwo odziwa ntchitoyo kwa zaka zambiri. Ofufuza ngoziyo adaloza ku mphamvu ya magetsi imene idayatsa injiniyo nthawi isadakwane, koma adalozanso ku zinthu zozama: ndalama zosakwana, antchito odziwa amene adachoka osalowedwa m'malo, ndi kayendetsedwe kofooka.

Anthu ake adali a sukulu yomweyo, nzeru zomwezo. N'zoona kuti maiko olemera ankakana kugulitsa zipangizo za roketi poopa kuti zisanduka mizinga, ndipo Brazil idalowa m'pangano loletsa kufalitsa luso la mizinga mu 1995 pofuna kuchotsa chikayikocho. Koma ine ndimaona kuti chachikulu chidali kumene ndalama zinkachokera ndi amene ankayankha mlandu. Ndege idali ndi wogula, ndipo wogula amakakamiza: akufuna katundu wake pa tsiku lakuti, apo ayi apita kwina. Roketi inkadalira bajeti ya boma yokha, imene chaka chino yakwera, chaka chamawa yadulidwa pakati. Ntchito ya zaka khumi ikamalandira ndalama modontheza imatenga zaka makumi awiri, ndipo pofika kumapeto amene adaiyamba apuma pa ntchito, zipangizo zina zakalamba zili m'nkhokwe. Udindo nawo udagawanika pakati pa asilikali ndi anthu wamba, ndipo bungwe loyang'anira zonse, AEB, lidakhazikitsidwa mu 1994 mochedwa, likuyang'anira mabungwe amene antchito ake ankayankha kwa mabwana ena. Pambuyo pa ngozi boma lidayesa njira yachidule, kampani yochitira limodzi ndi Ukraine yoti iziulutsa roketi za Cyclone-4 pa Alcântara. Ndalama zambiri zidalowa, mgwirizano udathetsedwa mu 2015, roketi ngakhale imodzi isadauluke.

Kumene ntchito ya zam'mlengalenga idapeza woigwiritsa ntchito weniweni, idabala zipatso. Kuyambira 1988 INPE imawerengera chaka ndi chaka kukula kwa nkhalango ya Amazon imene yadulidwa, pogwiritsa ntchito zithunzi za masetilaiti, ndipo ziwerengero zake zimakhulupiridwa pa dziko lonse. Mu 2019 pulezidenti Jair Bolsonaro atatsutsa ziwerengerozo, mkulu wa bungwelo a Ricardo Galvão adaziikira kumbuyo poyera mpaka adachotsedwa pa udindo. Masetilaiti a CBERS, opangidwa pamodzi ndi China kuyambira woyamba wa mu 1999, zithunzi zake zimaperekedwa ulere, ndipo maiko awiriwa adalengeza mu 2007 kuti maiko a mu Africa nawo azizilandira mwaulere.

Ntchito ya VLS idatsekedwa osafikitsa setilaiti ngakhale imodzi m'njira yake. Pa 28 Febuluwale 2021 Brazil idaulutsa Amazonia-1, setilaiti yoyamba yaikulu yojambula dziko imene idajambulidwa, kulumikizidwa ndi kuyesedwa ndi akatswiri ake okha ku São José dos Campos. Adainyamula kupita nayo ku Sriharikota, ndipo idakwera pa roketi ya PSLV ya India, dziko limene lidayamba kafukufuku wa zam'mlengalenga pa nthawi imodzi ndi Brazil, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.